Kabowo ka Pansi pa Tyuna

Dzina loti Fyuzi sanabadwe nalo. Anamupatsa ndi anthu a padoko la m'mphepete mwa nyanja yamchere ataona kuti mnyamatayo sachedwa kupsa: kungomugunda pang'ono, waphulika, nyumba yonse mdima. Ntchito yake inali yokonza mawailesi a m'maboti, aja olankhulirana ndi kumtunda boti likapita kutali kumene foni imasanduka chidole. Kusukulu ya zimenezi sanapondeko. Anaphunzira pomasula mawailesi akufa amene ena anataya, n'kumapsa ndi mtovu mpaka zala zinatopa kudandaula.

Kachipinda kake kogwiriramo ntchito kanali kuseri kwa nyumba ya achemwali ake, pakati pa bafa ndi mulu wa maukonde akale. Munali benchi yopangidwa ndi chitseko chakale, mabatire a galimoto, chitini cha mabawuti, ndi shelefu ya mawailesi amene eni ake analonjeza kudzatenga koma anaiwala njira. Kunja kwa kachipindako Fyuzi analibe pena poika ngakhale sikuludalaiva. Ndipo m'mawa umenewu kachipindako kanali pachiswe.

"Iwe," anatero achemwali ataima pakhomo, manja ali m'chiuno. "Wailesi ya alamu ako yangoti ziii."

"Mwayatsa bwino ya m'nyumbayo?"

"Usandifunse ngati ndabwera dzulo. Maboti a anthu ena onse ndikuwamva. La bambo a m'nyumba muno lokha ndi limene lameza lilime."

Achemwali anali ndi wailesi yawo pamwamba pa kabati pabalaza, ndipo m'mawa uliwonse ankaitana amuna awo, omwe anali kaputeni wa boti la nsomba. Vuto lake, pa wailesi yotere palibe kunong'ona. Achemwali akafunsa kuti, "Bambo, mankhwala a bipi mwamwa?" maboti onse ankamva, ndipo kaputeni wina ankayankha msanga kuti, "Amwa, mayi, tawaona, amwera ndi zina." Koma wailesiyo ikakhala chete, achemwali sankadya. Ankangozungulira pabalaza, kupukuta kabati yopukutapukuta kale, maso ali kunyanja.

"Ndinakuuza ulendo watha uja," anapitiriza, "kuti ikadzangokhalanso chete, utuluke. Atelala akhala akundipempha chipindachi. Makina awo sanunkha, ndipo akasoka chinthu chimasokeka."

"Achemwali, si ine! Ndi tyuna ija. Ndi a Orijino aja ndi katundu wawo wabodza!"

"Ndiye ukandionetse ndi maso angawa. Akapezeka olakwa ndi iwo, chipinda n'chako. Ukapezeka ndi iwe, usadikire kuti ndinene kawiri."

Tyunayo ndi kabokosi kotuwa kamene amakamangirira panja, patsinde pa eriyo, kandodo kachitsulo kaja koponya ndi kukola mawu. Ntchito yake n'kugwirizanitsa wailesi ndi eriyo. Ukadina batani, timaswichi tam'kati timalira tche-tche-tche, kufunafuna tokha pamene ziwirizo zimvanirane, kenako mawu amauluka. Kabokosiko kakafa, ungakuwe bwanji, mawu ako amathera m'boti momwemo.

Fyuzi ankadziwa chimene chinkapha timabokosi timeneti, kapena tinene kuti ankakhulupirira kuti akudziwa. Tsiku limene ankamangirira ka alamu ake, anakatembenuza n'kupeza kabowo pansi pake, kakang'ono ngati diso la nkhuku. Magazi anamuthamangira kumutu. Chinthu chokakhala panyanja, pamafunde ndi pamvula, chobooka! Nkhani yonse anaiona bwinobwino: kufakitale amasankha abwino n'kutumiza kwa anthu a mabwato oyera ongoyendera kukawothera dzuwa, obooka n'kutayira kuno, kwa anthu amene wailesi ikawafera amafa nayo. Anatenga silikoni, phala lija lomatira kuti madzi asalowe, n'kutseka kabowoko. Anamata m'mbali mwa chivindikiro, pamitu ya mabawuti, paliponse, mpaka kabokosiko kanaoneka ngati kadwala zithupsa. Ndiye poti mtima wake sulola kuti mnzake aberedwe iye akuona, anayenda boti ndi boti kumata timabokosi ta anthu ena, osalipiritsa.

Boti la alamu litakocheza, Fyuzi anali kale padoko ndi sipanala m'manja. Alamuwo anatsika nkhope ili see, ngati munthu wochokera kutchuthi.

"Alamu!" anatero. "Phuma lanji? Zamagetsi sizifuna liwiro."

"Akundithamangitsa m'chipinda chifukwa cha wailesi yanuyi."

"Aaa, amayi amangonena. Komatu kunyanja kunali bata, alamu. Bata lenileni. Mbalame ndinazimva ulendo uno, kulira kwake kokoma. Mumadziwa kuti mbalame zam'nyanja zimalira mosiyanasiyana?"

Fyuzi anakwera m'botimo. Anamasula kabokosiko n'kukakweza pafupi ndi khutu. Atakagwedeza anamva kuti khuvu-khuvu. Madzi! Anamwetulira kumwetulira koipa. Sanakatsegule. Anafuna kuti katsegulidwe pamaso pa mboni, pakauntala ya mwini wake wa bodzalo.

Anayenda motsogozana mumsewu wa kudoko: Fyuzi patsogolo atakumbatira kabokosi, achemwali pambuyo pake atapanira chikwama kukhwapa, alamu kumapeto akupatsa moni aliyense mwautali, mpaka ndi agalu omwe.

Sitolo ya a Orijino inali yopapatiza, yodzaza zingwe, nyali, majekete oyandamitsa ndi mawailesi okutidwa m'mapulasitiki ogwira fumbi. Dzinalo analitenga chifukwa chilichonse m'menemo, ngakhale tsache, ankati n'cha orijino. Anali ndi kabokosi kamodzi kachionetsero kamene ankakamenyetsa pansi pamaso pa ogula, n'kukaponda ndi thupi lawo lonse, lomwe silinali laling'ono. Pabenchi ya pakhomo panali makaputeni angapo amene ankakonda kudikirira mphepo pamenepo.

"Achimwene a Fyuzi!" anatero a Orijino. "Mwabwera ndi banja lonse? Takulandirani. Mayi, khalani apa."

"Sitinabwere kudzakhala," anatero Fyuzi. Anaika kabokosiko pakauntala kuti phi. "Aka munagulitsa ndinu?"

A Orijino anakayang'ana uku ndi uku. "Maonekedwe ake ndi ngati kathu, koma kathu sitigulitsa katapakidwa phala."

Makaputeni anaseka. Fyuzi anawatembenukira.

"Sekani! Sekani ndithu! Inu nomwe ndi amene mumapita kutali ndi zinyalala zimenezi. Injini ikadzazima pakati pamadzi mudzaitana ndani? Mudzaitana a Orijino? Adzabwera akusambira?"

"Katundu wanga ndi wolimba," anatero a Orijino, akutenga kachionetsero kaja. Anakaponya pansi, n'kukwerapo ndi miyendo yonse. "Onani. Ngakhale njovu."

"Sitinabwere kudzaona gule," anatero achemwali. "Tsegula, iwe."

Fyuzi anatulutsa mpeni n'kuyamba kudula silikoni. Panali ntchito. Anali atamata ndi mtima wonse, ndipo chinthucho chinagwira ngati chinabadwira pomwepo. Pokanganula chivindikiro mpeni unaterereka n'kumucheka chala chachikulu. Chivindikiro chinatseguka, madzi n'kukhuthukira pakauntala, kuyenderera mpaka kunyowetsa bokosi la machesi ndi nsapato za a Orijino. M'kati monse munali dzimbiri lobiriwira. Timaswichi tija tinali titamera ndevu.

Onse anasuzumira m'bokosimo.

"Ndi zimenezi?" anafunsa achemwali motsitsa mawu. Amene ankawadziwa anayamba kuyang'ana kumene kuli khomo. "Ine osadya, osagona, kuganiza kuti bambo a ana anga adyedwa ndi nsomba, inu mukugulitsa ndowa?"

"Mayi, ine ndimangolandira katundu..."

"Mumangolandira? Mukalandira njoka mugulitsanso?"

"Ayi mayi, koma..."

"Ndikadzakhala wamasiye mudzandisunga ndinu? Ana mudzawalera? Wamng'ono uja amadya ngati anthu atatu, mukonzeke!"

A Orijino anafota. Thukuta linatsika m'khosi mwawo. Anayang'ana makaputeni kuti wina awathandize, koma onse anali atapeza chochititsa chidwi pa zikhadabo zawo. Pamapeto pake anakoka kampando, kukwerapo, n'kutsitsa tyuna yatsopano pashelefu yapamwamba, akuigwira ngati mwana amene akukamusiya kwa eni ake.

Fyuzi anali atapambana. Chipinda chinali chake. Anaika chala chochekedwa chija m'kamwa kuti aletse magazi, ndipo chalacho chinali chonyowa ndi madzi a m'bokosi. Anayamwa. Anasiya. Anaviikanso chala china pakauntala n'kulawa.

Madziwo analibe mchere.

"Bwanji, mwamva ludzu?" anafunsa kaputeni wina wa chipewa chong'ambika.

"Si a m'nyanja awa," anatero Fyuzi, ngati akulankhula yekha.

"Ndiye ndi a mvula."

"Mvula?" Fyuzi anatembenuka ngati walumidwa ndi mavu. "Mvula ilowe pamene ndamata ine? Mwaona mmene ndavutikira kutsegula? Apa ngakhale dontho silikanapeza njira!"

Mawuwo atangotuluka, anawamva bwino iye mwini. Anatola chivindikiro chija n'kuchitembenuza. Kunsi kwake kunali timadontho tolendewera mwadongosolo, ngati pachivindikiro cha poto wochoka pamoto. Mutu wake, umene unazolowera kulondola waya mpaka kumene wathera, unalondola nkhaniyo iye asakufuna. Masana dzuwa limawotcha bokosi. Kukazizira bokosi limakoka mpweya wachinyontho m'mene mwadutsa mawaya, poti mpweya sufuna khomo lalikulu. M'kati mumachita thukuta. Thukutalo limatsikira pansi, n'kufuna potulukira. Potulukira pake panali pamodzi, kakang'ono ngati diso la nkhuku, ndipo munthu wina wanzeru zake anapatseka ndi silikoni.

Anakweza maso. Palibe amene anali ataona kanthu. Achemwali anali akuyendera tyuna yatsopano ija ndi maso a munthu wogula nkhuku. A Orijino anali akupukuta nsapato ndi nyuzipepala. Chofunika chinali kungotseka pakamwa, kunyamula katundu, n'kubwerera kubenchi yake.

Phazi lina linamuponda. Anali alamu, atamuyandikira mpaka kumupumira m'khutu.

"Alamu," ananong'ona, "nkhope yanuyo ndaiona. Mezani. Tengani yatsopanoyo tizipita. Mukaimatenso bwinobwino monga mwa masiku onse, osasiya ndi pamodzi pomwe."

Fyuzi anawayang'ana. "Mwati bwanji?"

"Ndati dzanja lanu ndi labwino. Aliyense padoko amaliyamikira." Alamuwo anatsinzinira diso kubenchi ya makaputeni. "Bokosi lomata inu limalankhula kanthawi, kenako limapumula. Munthu n'kugwirako ntchito mwamtendere, wopanda bwana wa boti kufunsa kuti mwagwira zingati, wopanda... ena. Mukuganiza kuti okulandirani m'maboti ankachulukira chiyani?"

Zimene zinachitika m'mutu mwa Fyuzi pamenepo, akanakhala nyumba bwenzi anthu akuthamanga ndi ndowa.

"Bwezani!" anakuwa, mpaka a Orijino anagwetsa nyuzipepala. "Bwezani pashelefu tyuna imeneyo! Simunalakwe kanthu inu!"

"Iwe, wapenga?" anatero achemwali.

"Wapha bokosili ndi ine! Kabowo aka n'kotulutsira thukuta, ine n'kukatseka! Chitsiru chenicheni, chomata chinthu chisanafunse kuti chabookeranji! Ndayenda doko lonse ndi silikoni ngati ndikugawa katemera, ndikupha mawailesi a anthu, ndipo anthu ake ndi awa, akhala apawa, ankadziwa!" Analoza benchi. "Muli ndi ana inu! Muli ndi anyamata m'mabotimo amene amayi awo amadikira! Mukufuna bata? Pansi pa nyanja pali bata lambiri, pitani mukalione!"

Wa chipewa chong'ambika anadzuka n'kunena kuti mphepo yasintha. Anzake anagwirizana naye, onse n'kutuluka mothithikana pakhomo.

A Orijino anali atayamba kufufuma ngati buledi. "Ndinanena ine," anatero, akukweza tyuna yatsopano ija m'mwamba. "Orijino! Katundu wanga sanama. Achimwene, mukanangondifunsa."

"Ndikanakufunsani mukanati chiyani? Kabowoka mumati n'kachiyani?"

A Orijino anakasuzumira. "Si kopachikira pamsomali?"

"Mwamva, achemwali? Ndipo poti lero n'loulula, tiulule zonse." Fyuzi anatola kachionetsero kaja pansi, kukagwedeza, n'kumasula chivindikiro ndi mpeni. M'kati munali thabwa lodulidwa bwino, lothinitsidwa ndi nsanza. "Njovu yanu ija imaponda ichi."

"N'chachionetsero chabe," anatero a Orijino mofooka. "Chenicheni ndingachiponde bwanji? Chingaphwanyike."

Achemwali sanaseke. Anayang'ana mchimwene wawo, kenako anatembenuka pang'onopang'ono kuyang'ana amuna awo, omwe anali akuwerenga mwachidwi malangizo a pajekete yoyandamitsa.

"Bambo."

"Amayi."

"Mbalame zinalira bwino?"

Alamu anayang'ana Fyuzi ngati wawapereka, koma Fyuzi anapukusa mutu. Sananene ndi iye. Nkhani ya mbalameyo alamuwo anali ataikamba okha kwa aliyense mumsewu.

"Za inu tikakambirana kunyumba," anatero achemwali. "Iwe, mawu anga uja unawamva."

"Ndinawamva," anatero Fyuzi. Anaganiza za benchi yake, za msomali uliwonse umene anakhoma pakhoma lija podziwa chimene adzapachikepo. "Mwachilungamo ndituluke. Ndinalakwa ndine."

"Ukanangokhala chete bwenzi uli ndi chipinda."

"Ndikudziwa."

"Chitsiru."

"Ndanena kale zimenezo, achemwali."

Madzulo a tsikulo asanafike, atelala anali atayamba kale kuyeza zenera la kachipindako ndi tepi ya pakhosi pawo. Fyuzi anatulutsa katundu wake n'kuunjika pabwalo: mabatire, chitini cha mabawuti, mawailesi amasiye aja. Kenako anakhala pabenchi yake pansi pa chingwe choyanikira zovala, osadziwa kolowera. Achemwali anatuluka ndi beseni, kuyanika malaya awiri pamwamba pa mutu wake, madzi n'kumamudonthera pakhosi.

"Ndiye upita nazo kuti?"

"Ndiona."

"Uona chiyani? M'boti la alamu ako muli malo, kuseri kwa chiwongolero, pafupi ndi wailesi. Benchiyo ikakwana ukaidula pang'ono. Uzikonza za anthu boti likakhala padoko. Likanyamuka, unyamuke nalo. Ndikaitana m'mawa, wina aziyankha."

Alamu, omwe anali atakhala pakhonde mwaulemu kwambiri chibwerereni kusitolo, anadzuka ngati akhalira singano.

"Amayi, taganizani bwino. Mwanayu ndi magazi anu. Mungamuchotse m'chipinda chifukwa cha kabowo? Kulakwa n'kwa aliyense. Ine ndamukhululukira ndi mtima wonse. Atelala, pepani, pindani tepi yanuyo, panali kusamvana pang'ono."

"Atelala, pitirizani," anatero achemwali.

"Komanso ine kunyanja kwenikweniko sindinapiteko," anatero Fyuzi motsitsa. "Ndimathera padoko."

"Ndowa zosanziramo zilimo zambiri m'botimo," anatero achemwali, n'kulowa m'nyumba.

Benchiyo anainyamula awiri, alamu kutsogolo, Fyuzi kumbuyo, chitini cha mabawuti chikulira pamwamba. Anadutsa pasitolo ya a Orijino, omwe anali pakhomo kufotokozera munthu wina wogula za ubwino wa kabowo ka pansi, ngati anakabowola okha. Atafika pokhotera kudoko alamu anatula mbali yawo kuti apume.

"Alamu," anatero akupukuta nkhope, "tigwirizane chimodzi tisanafike. Kunyanja kaputeni ndi ine. Chimene ndanena, chimenecho."

"Mukanena zoona, palibe vuto."

"Nanga ndikanena zapafupi ndi zoona? Mwachitsanzo, amayi afunsa kuti tili pati, ife tili pakachilumba kena tikungowongola miyendo?"

"Ndidzati tili pakachilumba tikuwongola miyendo."

Alamu anayang'ana kumwamba nthawi yaitali, milomo ikuyenda ngati akupemphera. Kenako anawerama, kugwira benchi, n'kufunsa osatembenuka:

"Atelala aja mukuwadziwa bwino? Alibe chimene amaopa? Makoswe, kapena?"

"Nyamulani, alamu," anatero Fyuzi. "Kukadali maboti ambiri oti ndikamatule kusanade."